Nkhomo m'makina a mlamu

Lachinayi. Mvula tsiku lonse, koma mtima wakhala pansi.

Makina oumitsira zovala, amene mlamu anatisungitsa popita ku Joni, anayamba kulira ngati chigayo. Akabwera adzati wawononga ndine, nanga amawayatsa ndani? Ndinawazula kumagetsi n'kuzunguza mgolo wake ndi dzanja. Kugogodako kumachokera kuseri kwa kasefa. Nditakachotsa ndinapeza nkhomo za bawo. Ndayatsanso, akuyenda phee. Ndakonza ndekha!

Nkhomozo zachokera m'buluku la amuna anga. Iwowa analumbira kuti bawo wa pa Lisungwi anasiya, masiku ano amapita kukwaya eti.

Ndangofunsa, "Bambo a Chisomo, kwaya ikuyenda?"

"Kwambiri, mayi."

Nkhomo zija ndaziika m'nsapato zawo. Mawa akamavala ndiye...