Chingwe cha Magalasi Chapita ku Ludzi

A bambo a Rozi,

Musafunefune chingwe chachitali cha magalasi anu oonera magemu aja, ndatenga ndine. Rozi matenda amuyamba, watsogola ku chipatala ku Ludzi pa njinga yamoto, ine ndikumulondola ndi katundu. Lekeni yandidukira ndikumanga beseni ndi zofunda, ndiye ndangosolola chingwecho pa kompyuta n'kumangira katunduyo. Abale, chinthu cholimba ichi! Ndakoka ndi mphamvu zanga zonse, icho osatekeseka. Ndinkakunenani kuti munapusitsidwa pochigula ku Chipata, lero ndabweza mawu. Kamutu kokha kapindika pang'ono, pepani.

Tchaja yapaulendo ija ndatenganso, tizikuimbirani. Mukafika kuchokera kuboda mutsekere nkhuku, kenako mutipeze. Magalasiwo apumeko lero, mdzukulu mudzamuone ndi maso anuanu.

Ndine Emelda