Zelipa Sanachire

Bangwe,
14 Meyi 1996

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi azakhali ndi ana. Ine ndili bwino, amayinso ali bwino. Za mlongo wanga Zelipa mumva kuti wachira. Musakhulupirire.

Mu Febuluwale anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza pogona ndi kuwonda. Pamene wakodza pankadzaza nyerere. Kuchipatala cha Gulupu anati ndi matenda a shuga, ndipo azibayidwa insulini kawiri pa tsiku moyo wake wonse. Anesi anatiphunzitsa kubaya pa lalanje. Amayi ankaopa kubaya, choncho ntchitoyo inagwera ine. Poti firiji tilibe, kabotolo ndimakasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa.

Kenako kunabwera azakhali a Magdalena, alongo awo a malemu bambo. Anati shuga ndi matenda a mabwana a mimba zikuluzikulu, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angawatenge kuti? Anati apa pali dzanja la munthu. Amayi analira, mawa lake tinapita kwa sing'anga wina ku Namiyango, a Everson.

Amalume, imvani zimene ndinaona kumeneko. Lezala lomwe anatemera bambo wina wa zilonda patsogolo pathu anangolipukuta pa thalauza, n'kutemera nalo Zelipa mphini pamimba. Analavulira m'kaufa kakuda, n'kumutikita ndi chala. Anatipatsanso botolo la mafuta ophikira lodzaza madzi obiriwira, onunkha ngati ngalande ya mumsika wa Limbe. Anati jakisoni asiyidwe chifukwa amalimbana ndi mankhwala awo.

Titafika kunyumba azakhali anataya insulini kudzala. Ndinakatola iwo atalowa m'bafa.

Masiku atatu Zelipa anamwa zonunkhazo atamutsina mphuno. Tsiku lachitatu anayamba kusanza ndi kungogona, m'kamwa mukununkha ngati zipatso zoola. Azakhali anati ndiye kuti zoipa zikutuluka.

Apa ndiye ndikuululireni. Kuyambira tsiku limenelo ndimamubaya mobisa kuseri kwa bafa, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo tisanadye. Mankhwala a a Everson ndimathira m'chimbudzi, m'botolomo n'kuikamo tiyi wopanda shuga wosakaniza ndi masamba a chisoso. Zelipa amadziwa, koma sananenepo kwa munthu. Amangokweza diresi yekha n'kuyang'ana kumbali.

Ndinkaganiza kuti ndachenjera. Taonani zimene zatuluka.

Mwana wayambanso kunenepa ndi kusewera, ndipo Bangwe yense akuti a Everson achiritsa shuga. Amayi a m'makomo muno amabwera kudzamutsina masaya ndi kumuvundukula pamimba kuti aone mphini, ngati mbuzi ya pamsika. Zina mwa mphinizo sizinapole, zikutuluka mafinya, koma zimenezo saziona. Lamulungu azakhali anamumwetsa fanta anthu akuonerera, ati aone okha kuti wachira. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinatuluka panja kukalavula.

Choipitsitsa n'chakuti a Hawkins, agogo oyandikana nafe aja, asiya mapiritsi awo a shuga ataona Zelipa. Dzulo ndinawapeza akumwa zobiriwira zenizenizo, akundiuza kuti ndizithokoza Mulungu chifukwa cha azakhali anga. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Bodza limene akumwalo ndinaphika ndine.

Insulini watsala wa masiku khumi. Kuti tikatenge wina pafunika kabuku ka kuchipatala, koma amayi akakhomera m'sutikesi. Akuti kubwerera ku Gulupu n'kunyoza amene anatithandiza, ndipo matenda angabwerere. Ndinayesa kuyamba kuwauza zoona, azakhali anandidula, ati Fomu 3 yandipengetsa, ndipo mwana sayankhula pa nkhani za akulu.

Kwathu mwinimbumba ndinu. Pa za ana a mlongo wanu, mawu anu amaposa a azakhali a kuchimuna, ndipo amayi sanakukanirenipo. Chonde bwerani. Ngati kuntchito sakulolani, alembereni amayi kalata yowalamula kuti apereke kabukuko, muwauzenso azakhali a Magdalena kuti ku Ndirande kwawo kukuwasowa. Zoti ndinanama muwauze ndinu, ine ndili pomwepo. Kukwapulidwa ndikwapulidwa, palibe kanthu.

A Hawkins okha sindidikira nawo yankho lanu. Ndikaponya kalatayi ku positi ndipita kukawauza zonse, ngakhale nkhani ifike kunyumba ine ndisanafike.

Ikakwana 23 Meyi musanayankhe, ndithyola loko wa sutikesi, ndimubereke Zelipa mpaka pa siteji ya minibasi, tipite ku Gulupu. Ndakuuziranitu kuti musadzamve kwa ena kuti mphwanu wasanduka wakuba.

Mundiperekere moni kwa azakhali, Lumbani ndi Cindy. Mulungu akusungeni, ndipo akufulumizitseni.

Ndine mphwanu,
Flexon