Mpopi wa Amayi

14 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja ukupezako bwino, ndiponso kuti achemwali sakukulolani kukwera padenga kukasuzumira m'thanki yawo. Ndimakudziwani. Munapita kumeneko kukapuma, osati kukasaka mapaipi odontha m'nyumba za eni.

Kuno tilipo, koma sindikubisirani, mdzukulu wanu, amene mumamuti mkazi wanu wamng'ono uja, anatiopsa. Chichokereni inu wakhala akutsekula m'mimba, kuchira, n'kuyambiranso. Masaya aja anaphwa, yunifolomu n'kumangolendewera m'thupi. Anamwino atatopa nafe anafunsa kuti, "Kodi madzi amene mumamwa munawayezetsapo?" Ine ndinayankha mwamatama kuti mapaipi a m'nyumba mwathu anaika ndi bambo anga, pulambala wodziwika. Iwo anangoti, "Chabwino mayi, komabe kayezetseni."

Kunabwera mayi wina woyeza madzi ndi timabotolo take. Anatunga pa mita, anatunganso kukhitchini. Atabweranso ndi zotsatira anati madzi a pa mita ndi abwino, koma a kukhitchini ali ndi tizilombo. Kenaka anayamba kulondola paipi, ine ndi mkamwini wanu tili pambuyo, mpaka tinafika kuseri, pa mpopi wa amayi.

Anaona waya umene munakulunga pa chotsegulira tsiku lomwe tinawaika m'manda. Anafunsa kuti, "Mpopi uwu munautsegula liti komaliza?" Ndinamuuza kuti amayi ndiwo ankachapira pamenepo, ndipo chimwalirireni iwo palibe amene waukhudza. Kenaka anatifotokozera mofatsa.

"Paipi yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri m'kati, imakhakhala," anatero. "Tizilombo timabisala m'timaenje timeneto n'kumanga kandere koterera, koti ngakhale klorini, mankhwala otsukira madzi aja, salowamo bwino. Madzi akamayenda tsiku ndi tsiku, vuto limachepa. Koma muno angodikha, ndipo mukatsegula kukhitchini, ena amabwerera n'kusakanikirana ndi akumwa."

Mkamwini wanu, amene sasiyanitsa sipanala ndi supuni, analumphira nkhaniyo. "Si ndinkanena ine kuti pulasitiki ndiye yabwino?" Mayiyo anati, "Musathamange, bambo. Pulasitiki ndi yosalala, inde, koma nayonso imamera ndere madzi akaima. Ndipo kapaipi kamphira kofewa kamene kali pansi pa sinki kaja ndiye chakudya chenicheni cha tizilombo. Anaika ndani?" Aliyense m'nyumba muno amadziwa amene anaika. Ndalemba zimenezi kuti musekeko, chifukwa mkamwini wanu anakhala tsiku lonse osadzutsa mutu.

Ndikuuzeninso kuti mayiyo anasisita polumikizira panu n'kunena kuti, "Amene anadula ulusi uwu ankaidziwa ntchito. Palibe pamene pakudontha." Ntchito yanu sinalakwe, Bambo. Chitsulo chakalamba basi, ndipo chisoni chathu ndicho chinaimitsa madzi.

Ndinayamba kalatayi ndi maganizo opempha chilolezo choti tidule paipi ya kuseriyo, koma dzanja likukana kunama. Tinadula kale. Mwana anali atagonanso, maso atalowa, ndipo sindikanatha kudikira yankho. Wogwira sowo ndinali ine ndemwe, sindinalole munthu wina. Ndinamasula waya wanu ndikulira, chifukwa ndimakumbukira tsiku limene munaukulunga. Madzi amene anatuluka anali ofiirira, a fungo, ndipo nditapisa chala m'paipimo chinatuluka chikuterera ngati therere. Kachidutswa kena ndakakulunga m'pepala, mudzakaone nokha, poti pulambala sakhulupirira za m'makutu.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikuuzani kuti ndikanachita mwina.

Taika mapaipi atsopano apulasitiki, aja mumati ndi zidole za ana, ndipo kamphira kaja tinataya. Koma mpopi weniweniwo sindinataye. Ndinauwiritsa, ndinaukwecha mpaka mkuwa wake unawala, n'kuubwezera pamalo pake pomwepo. Mayi uja anati mankhwala ake ndi amodzi okha, uzitsegulidwa tsiku lililonse. Ntchito imeneyo aitenga ndi mkazi wanu wamng'ono, amene tsopano akudya ngati akulipsira. M'mawa uliwonse amathirira maluwa a agogo ake asanapite kusukulu.

Mpopiwo ukulirabe monga kale, Bambo, kaphokoso kaja amayi ankakunenani nako kuti mumakonza mipopi ya anthu onse kupatula wa mkazi wanu. Tsiku loyamba ndinakamva ndili kuchipinda, ndipo ndinadzuka mofulumira kuyala bedi, kuopa kuti amayi andipeza ndikugonabe. Ndinakhala pansi n'kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Mupereke moni kwa achemwali ndi alamu. Mkamwini wanu akupereka moni mwaulemu waukulu, ndipo walonjeza kuti sadzakhudzanso sinki. Mkazi wanu wamng'ono akuti ndikuuzeni kuti, "Amuna anga abwere msanga, asade nkhawa, ndimatseka bwinobwino."

Waya uja ndausunga m'bokosi lanu la zida. Mukadzafuna kuukulunganso sindidzakuletsani, koma mudzayambe mwaumva kaye mpopiwo ukulira m'mawa umodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Chitsiriza wanu wosamva uja