Chitupa cha Bambo

Chulu, Kasungu
9 Novembala 2011

Okondedwa achimwene a Yobe,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino ku Lilongweko. Ine mtima suli m'malo, kalatayi ndaiyamba katatu.

Bambo agwa kawiri sabata ino akuthirira nazale ya fodya kudambo. Akadzuka amasasa fumbi n'kunena kuti ndi dzuwa. Amayi anandiletsa kukuuzani, koma ndakuuzani basi.

Paja munkandiseka kuti masamu anga a mtima adzadyetsa yani. Mverani tsono. Mtima uli ndi tizigawo ting'onoting'ono tambirimbiri totchedwa timaselo. Kalikonse kamatulutsa kamphamvu ka magetsi, n'kupatsira kanzake, kenako kamapuma. Ku koleji ndimalemba zimenezi m'masamu, kompyuta n'kujambula kagundidwe kake. Magetsi akafika pa kaselo kasanapume mokwanira, amatha kuyamba kuzungulira ngati kamvuluvulu, mtima n'kumangonjenjemera osapopa magazi. Pa kompyuta mitima yotere ndaipha yambiri, ndimangodina batani n'kuyambiranso.

Dzulo ndinagwira mkono wa bambo, maso ali pa wotchi. Kugunda kuwiri, kwachitatu kothamangira, kenako zii. Ndinalemba zonsezi m'kope. Ine si dokotala, mwina ndikulakwitsa, koma kagundidwe kameneka ndikukadziwa. Ndikuopa, achimwene.

Ndinawachonderera kuti tipite kuchipatala cha ku Lilongweko komwe kuli makina oyezera mtima. Anakanitsitsa. Akuti makuponi a feteleza angabwere tsiku lililonse, ndipo dzina likaitanidwa mwini wake palibe, kuponi imapita kwa wina. "Mtimawu wagunda zaka sikisite popanda masamu ako," anatero. Makani awo mukuwadziwa.

Ndiye ndachita chinthu choipa. Kuno kuponi sapereka popanda chitupa chovotera. Chawo amasunga m'Baibulo, ndipo ine ndachitenga. Kuyambira m'mawa akuvundukula nyumba yonse, mpaka akalipira amayi osalakwa. Ndikudziwa kuti mwina ndawaphera chimanga cha chaka chino, ndipo zikundiwawa.

Chitupacho chili mu envulopu muno, ndapatsira a Simeon a minibasi. Mawa ndiwauza bambo komwe chili. Adzakwiya, koma adzabwera kudzachitenga, ine ndili pambuyo pawo. Chonde musawapatsire kunyumba. Mukawapatse akatuluka m'chipinda cha dokotala.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni, sakudziwa kanthu za chitupachi. Bambo nawonso akupereka moni, akuti muwafunsire m'tawunimo ngati chitupa chotayika chimapezekanso.

Ndine mlongo wanu,
Faustina