Kangowe ka Mkanda Wanga

Lamulungu, Julaye, ku Glen Norah. Kwazizira, ndipo mtima wanga ukuwawa.

Miyezi itatu yapitayo kangowe ka mkanda wanga wa ukwati kanaleka kugwira, sipuling'i yake itatha. Amuna anga anautenga kuti akakonzetse m'tauni. Ndikafunsa amati, "Ndi nkhondoyi zitsulo sizikulowa m'dziko muno. Dikirani, mayi."

Lero panja pa tchalitchi, Mai Chipo, mnzanga wa m'kwaya, anatembenuka kundipatsa msana, atagwirizira mkanda pakhosi. "Ndikolekereni, anzanga, zala zauma ndi chisanu." Unali mkanda wanga, ndi kamtanda kake kopindika kamene mwana wanga analuma ali khanda. Kangowe n'katsopano, kakugwira bwino.

Ndinawakolekera ndithu. Anathokoza akumwetulira. Kaya akudziwa, kaya sakudziwa.

Pano amuna angawo akupukuta nsapato pakhonde, akuimba mluzu. Ndiyambira pati kuwafunsa...