Liwiro la Basi ya Efraín

Oruro, 14 Julaye 2019

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti miyendo yasiyako kutupa, ndiponso kuti nkhalamba imene mukuisamalira ku Madridko yaleka kukulalatirani. Kuno kukuzizira koopsa, madzi akumachita kuuma m'mipopi.

Lamlungu lapitali ndinakawaona achimwene Efraín kundende. Msuzi wa mtedza umene ndinawatengera anamwa wonse, koma awonda. Akunenabe zomwe anakuuzani, kuti ataona lole itaima pamsewu wa ku La Paz masana aja, anaponda mabuleki a basi koma sanagwire.

Amayi, pali zimene ndakubisirani. Loya wawo, a Condori, anandibweretsera pepala lochokera m'kachipangizo kolemba liwiro la basi. "Aphunzitsi, inu fizikisi mumachita kudya," anatero akuseka. "Tatipezerani mabuleki athu apa, munthuyu atuluke."

Ndi galafu yomwe ija ndimaphunzitsa kusekondale chaka ndi chaka, nthawi m'munsi, liwiro m'mbali. Dalaivala akaponda mabuleki, mzere umatsetsereka. Ngakhale mabuleki atafa, msewu uja ulibe mtsetse, kungochotsa phazi pamoto mzere umayamba kuwerama. Wa achimwene uli chiwongokere pa liwiro la makilomita 90 pa ola mpaka pamene unadukira. Phazi silinasunthe. Anagona, Amayi, ndipo anthu asanu ndi awiri anafa.

Ndinabweza pepalalo, ndati silikuoneka bwino. A Condori anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kulipinda.

Kundendeko ndinayesa kufunsa. "Achimwene, munayenda maulendo angati osapuma?"

"Iwe Nélida, wasanduka wapolisi liti?" Anaseka, n'kundigwira dzanja. "Ukawauze kukhoti kuti ndinaponda. Iwe akakumvera, ndiwe wasukulu."

Sindikudziwa ngati akunama kapena akukhulupiriradi.

Mlandu ulowa pa 2 Ogasiti. Boma lili ndi katswiri wake, ndipo adzaona zomwe ndaonazi. Ngakhale wophunzira wanga wotsalira angazione. Ndikakanama sindiwapulumutsa. Ndikakana, sadzandilankhulanso.

Chonde musasiye ntchito kuti mubwere, palibe chimene mudzasinthe. Alamu anga akupereka moni, akumasitabe yunifolomu ya amuna awo Loweruka lililonse. Mdzukulu wanu Lidia wati mukapeza nsapato zofiira mumusungire, akavale polandira bambo ake. Tinamuuza kuti ali paulendo wautali.

Mukamapempherera achimwene, muwatchulekonso amene anafa aja. Mayina awo ndalemba kuseri kwa kalatayi.

Ndine mwana wanu,
Nélida