Khadi Lalikulu m'Kakompyuta Kanu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nkhamenya tilipo, amayi mwendo uja wasiya kutupa. Ine ndekha ndi amene ndaonda ndi mantha, buluku likuchita kugwa.

Kakompyuta munandisiyira kaja kamachedwa pokonza vidiyo ya ukwati wa mwana wa a Banda, akapitawo a ku esiteti. Mnzanga wina anati pakufunika khadi la zithunzi, ati girafikisi. Ndinapita ku Kasungu, ndipo mukundidziwa, posankha sindiphonya. Ndinasankha ngati fodya: lalitali, lolemera, la mafani atatu. Wogulitsa anafunsa kuti, "Bwana, pawa sapulayi yanu, kabokosi kopereka magetsi m'kompyutamo, ndi ya mawatsi angati?" Ine ndinati, "Ndi yamphamvu ngati thirakitala, kulungani."

Kufika kunyumba, khadi osalowa. Ndinadula chitsulo cha kumbuyo kwa kakompyutako ndi sowo mpaka linalowa. Nditayatsa, mafani anazungulira kamodzi, kenako kunamveka kafungo ka waya wopsa. Mpaka lero kakompyutako kali zii.

Achimwene, ukwati wonse uli m'menemo, ndipo m'kamera ndinafufuta kale. A Banda akubwera Loweruka ndi akuchimuna onse kudzaonera. Dzulo anandiimitsa pamsewu nati, "Akatswiri, tikonze mipando ingati?" Ndinati makumi asanu.

Chonde ndiyankheni msanga, kodi vidiyo imapsa limodzi ndi pawa sapulayi? Munditumizirenso khadi lalifupi, losafuna waya wakewake wa magetsi, ngati lina limene ndinaliona m'sitolo n'kuliseka.

Mulungu akusungeni. Amayi musawauze, aitana kale a kwaya onse kudzaonera.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane